Masitepe a ku Valparaíso

Kuchoka pakhomo panga kukafika ku famase
pali masitepe 162.
Kale ndinkawadumpha awiriawiri,
chikwama cha makalata chikundimenya m'chiuno,
zaka makumi atatu ndi zinayi,
mpaka agalu a paphiri lino anatopa nako kundiuwa.
Lero bondo lakumanzere limadzuka ine ndisanadzuke,
limalira ngati chitseko cha dzimbiri,
lakumanja n'kumavomera.

Mwana wanga Maite amaimba foni Lamlungu lililonse
kuchokera ku Antofagasta:
"Bambo, mwamwa?"
Safunsa za vinyo ayi.
Amanena mabotolo anayi ali pawindowa,
andanda ngati ana odikira belu:
gulukosamini, amene akuti amachokera m'zigoba za nkhanu;
kolajeni waufa, wonunkha guluu;
kashiamu woyera ngati choko, wokakamira pakhosi;
ndi timikanda tachikasu ta mafuta a nsomba
timene ndikageya masana
ndimamva doko lonse m'kamwa.

Ine mwana wa msodzi,
wokulira mitu ya nsomba yotsala pamsika,
lero ndikugula nsomba yopanda mutu, yopanda minga,
pamtengo wa nsapato.

Dokotala Sanhueza anaika chithunzi cha mawondo anga pagetsi.
"Apa panali chichereŵechereŵe," anatero,
akuloza kampata kopyapyala pakati pa mafupa awiri.
"Chaperepeseka ngati chidendene cha jombo."
Ndinamufunsa za mabotolo aja.
Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.
"Ena amati amawathandiza, ena samva kanthu.
Kashiamuyo ngwa mafupa, imwani.
Koma chimene phiri linadya silibweza.
Musasiye kuyenda basi."

Kuyenda!
Wodwala chifukwa cha masitepe,
mankhwala ake akhalenso masitepe.

Mayi Fresia a nyumba yobiriwira
zala zawo zinapindika ngati mizu ya jinja.
Anasoka madiresi aukwati a theka la phiri lino,
lero batani limawagonjetsa.
Iwo amakhulupirira ufa wachikasu wothira mumkaka,
ndi mapiritsi ochokera kwa mdzukulu wawo.
Zivindikiro zake anazipanga kuti ana asatsegule,
koma olephera ndi ife.
M'mawa uliwonse amatulutsa botolo pazenera,
ine ndimapotokola, n'kuwabwezera.
Manja ndikadali nawo.
Iwo mawondo akadali nawo,
ndiye mvula ikagwa amanditengera buledi.
Awirife tikaphatikizana timakwana munthu mmodzi
wolimba ndithu.

Wa ku famase amandinyengerera:
"Bambo Eleuterio, tengani a miyezi itatu,
mtengo wake ngwotsikirapo."
Ndimakana. Ndimagula botolo limodzi,
lina ndidzabwerere Lachinayi.
Amaganiza kuti penshoni yandithera.
Aziganiza.

Chikepe chokwera phiri ndimachidutsa ngati sindichidziwa.
Pokwera ndimawerenga mokweza,
ndodo patsogolo, mwendo wabwinoko, kenako winawo,
mapiritsi akuchita wayawaya m'thumba la jekete.
Pa sitepe ya 90 ndimakhala pansi.
Pamenepa mpomwe tsiku lina ndinawerenga khadi la eni ake,
la mnyamata wa m'sitima kulembera mtsikana
amene anali atasamuka kale.
Ndinalisunga sabata yathunthu, osadziwa kolipereka.
Pansipo sitima zikulowa m'chifunga,
mbalame zikukanganirana matumbo a nsomba,
bondo likutentha ngati mbatata yochotsa paphulusa.
Atsala 72.

Sindidziwa chimene chikundigwira mwendo
pakati pa nkhanu, choko, nsomba ndi liuma langali.
Mabotolo akatha Mayi Fresia amasungiramo mabatani
amene sadzawasokanso.

Lamlungu foni ilira nthawi ya nkhomaliro.
Ndimeza kamkanda kachikasu ndisanayankhe,
kuti ndisamunamize mwana.
"Ndamwa, Maite."
"Nanga mawondo?"
"Akulankhula."
"Akuti chiyani?"
"Akuti Lachinayi titsikenso."